Diso Lamanzere Linapita ndi Khadi

Lolemba, 3 Juni

Makiyi khumi ndi anayi lero. Maloko awiri. Tsiku labwino.

Nkhani yaikulu: kuchipatala atipatsa tsiku. Mayi akunyumba, Abwana anga, akachotsedwa ng'ala. Diso lamanja pa 20 mwezi uno, lamanzere sabata yotsatira. Kulipira kamodzi, pasanadutse pa 17. Ndalama zakwana, zili phee ku banki. Zaka zitatu tikuponyako pang'onopang'ono, ine kudula makiyi, iwo kudzimana ngakhale mafuta odzola.

Ndinawafunsa chimene akufuna kudzayamba kuona. Akuti ulusi ukulowa pa singano. Ine ndimayesa anena nkhope yanga. Chabwino.

Khadi la ku banki ndimasunga ndine. Ndinawalanda chaka chatha, nditamva kuti pa makina otapira ndalama amapempha aliyense woima pambuyo pawo kuti awadinire manambala. Ndinalalikira sabata yathunthu. Nambala yoimbira ku banki khadi likasowa ndinawalowezetsa pamtima ngati mwana wa sukulu, m'mawa uliwonse asanamwe tiyi. Munthu wa maloko ndine, za akuba ndimazidziwa. Zaka makumi atatu pa benchi yomweyi si masewera.

Chakumadzulo kunabwera bambo wina wa tayi, chikwama chachikopa, nsapato zowala. Akugulitsa makiyi osadula, mtengo theka la kumene ndimaoda. Ndinayesa mmodzi ndi tupa, mkuwa weniweni. Abweranso mawa m'mawa. Anandiitana kuti a injiniya. Munthu woleredwa bwino.

Lachiwiri, 4 Juni, masana

Watayi uja anafika cha m'ma 9. Akuti kampani yawo silandira ndalama pamanja, n'zapakhadi basi, kuopa akuba. Ndinamuyamikira. Ndinamuonjezeranso malangizo anga awiri atatu, aulere.

Kamakina kake kolipirira kanakana kawiri. Akuti netiweki, malata a shedi yathu akutchinga. Anatenga khadi ndi kamakinako kukayesa pakona, kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Mphindi ziwiri, wabwera. Zakanika ndithu, adzabwera ndi kena mawa. Khadi anandibwezera ndi manja awiri, atawerama. Ulemu wotere wasowa masiku ano.

Wansapato, mnzanga wa benchi yoyandikana, amangotsokomola nthawi yonseyo. Fodya ameneyu adzamupha.

Madzulo ake

Izi ndilembe ndithu.

Ntchito yanga ndikangofika pakhomo n'kuwawerengera Abwana mauthenga a pa foni yawo. A ku banki amabweranso pomwepo, chifukwa potsegula akaunti tinalembetsa nambala yawo. Lero anandipatsa ndisanavule n'komwe nsapato. Akuti yakhala ikulira m'mawa wonse.

Mauthenga asanu ndi umodzi. Kutapa ndalama pa makina. Kutapanso. Kugula pa sitolo ya mawailesi. Kugulanso. Mafuta a galimoto, ine amene ndilibe ngakhale wilibala! Womaliza: khadi lanu latsekedwa.

Ndinagwira m'thumba, chikwama chilipo. Ndinasuzumira, khadi lilimo, labuluu, lili gone. Ndiye kuti a ku banki asokoneza, atumiza za munthu wina. Zimachitika.

Abwana ali pampando, akudikira. Ndinati a ku banki akuti zikomo posunga ndalama kwa ife.

"Kasanu ndi kamodzi konse?" Ndinati ndi aulemu anthu ake.

Anangoti madzi osamba afunda.

Lachitatu, 5 Juni

Chitsiru. Mbuzi ya mano kunsi. Ndilembe ndi zilembo zazikulu kuti ndizidzawerenga ndikayambanso matama: CHITSIRU.

M'mawa pa benchi, magalasi pamphuno, ndinatulutsa khadi. Labuluu ndithu. Banki yomweyo. Dzina la munthu wina. Linathanso ntchito chaka chatha. Ndagona nalo usiku wonse khadi la eni, ndikuligwiragwira kuti mtima ukhale pansi. Ine amene ndimasiyanitsa makiyi awiri ofanana ndi chala chokha, osayang'ana!

Pamwamba pa mutu wanga pali chikwangwani, ndinalemba ndekha ndi penti yofiira: KIYI WANU ASACHOKE PAMASO PANU. MPHINDI ZIWIRI ZIMAKWANA. Ndimalozera makasitomala tsiku ndi tsiku. Watayi uja anaima pansi pake penipeni. Mwina ndi pomwe anawerengera nthawi.

Chinatsala n'chakuti nambala yachinsinsi anaidziwa bwanji. Ndinaphimba ndi dzanja, ndikukumbuka bwinobwino. Wandiuza ndi Wansapato. Akuti dzanja linaphimbadi, koma pakamwa panali pululu. Ndikamadula kiyi ndimatchula mokweza kuya kwa mano ake, atatu, imodzi, anayi, kuti dzanja lisasochere. Anandiphunzitsa choncho amene anandiphunzitsa ntchito, ndipo sindidzimva n'komwe. Ndiye dzulo ndinatchula manambala onse anayi, momveka bwino, kawiri. Akuti ngakhale mayi wogulitsa maambulera kutsidya kwa msewu akuidziwa.

Kutsokomola kuja kunali kundichenjeza. Ndinamukalipira kuti bwanji osangonena. Anati, "A Makiyi, inu mumauzidwa?"

Ndinati ndiimbe msanga nambala ija yotsekera khadi, nditsimikize kuti latsekedwadi. Yathawa m'mutu. Yomwe ija ndinkaimbitsa Abwana ngati nyimbo. Ndinatseka benchi, ulendo ku banki.

Mzere mpaka pakhomo. Ola ndi theka. Mtsikana wa pa kauntala, msinkhu wa mwana wanga, anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti khadi linatsekedwa kale dzulo lomwelo, isanakwane 11. Ndinathokoza makompyuta awo kuti ndi ochangamuka. Anandiyang'ana modabwa, koma pambuyo panga anthu anali atayamba kung'ung'udza. Fomu, kalata ya ku polisi, kenako kudikira afufuze.

Zomwe zapita sindilemba manambala, ndatopa nawo manambala. Diso lamanzere lonse lapita, ndi chikope cha lamanja.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pusi wake wa imvi.

Lachisanu, 7 Juni

Ku polisi. Benchi yolimba, fani yosazungulira. Wapolisi anafunsa ntchito yanga. Ndinati ndimateteza nyumba za anthu kwa akuba. Analeka kulemba. Anaitana mnzake kuti adzamve yekha.

Akuti ndine wachisanu ndi chinayi mwezi uno wokha. Wina anamuona wa tayi, wina wa ovolosi, wina anathandizidwa naye pa makina khadi litakanirira. Onse anabwerera kwawo ndi khadi la eni m'thumba. Langa mwina mawa likagona m'chikwama cha chitsiru chachikhumi. Zinanditonthoza pang'ono kuti tilipo ambiri, kenaka ndinachita manyazi kuti zanditonthoza.

Loko wa drowa ya wapolisiyo anali wolimba. Ndinamukonzera. Bola ndinatulukamo munthu wodziwa kanthu.

Kunyumba Abwana atulutsa makina awo osokera pansi pa bedi. Zaka zinayi ali m'nsalu. Akuwathira mafuta mofufuza ndi zala, akuimba chapansipansi. Akuti akadzangoona, choyamba andisokere malaya, chifukwa amva kwa anthu kuti ndimayenda ngati wosiyidwa.

Chakudya sichinatsike. Ndinati ndi mano.

Mawa ndiwauza.

Loweruka, 8 Juni

Sindinawauze. Koma mwina sipafunikanso!

Cha m'ma 10 foni yanga inalira. Bambo wa mawu ofatsa, wa ku banki, nthambi yofufuza zachinyengo. Dzina langa akulidziwa, tsiku, ngakhale sitolo ya mawailesi ija. Akuti akuba agwidwa, ndalama zibwezedwa lero lomwe. Pangotsala kuti ndiwawerengere manambala asanu ndi imodzi amene atumiza pa foni ya mayi. Atha ntchito pakapita mphindi zochepa, ndifulumire.

Njinga sindinaipalase choncho chikwatirire. Ndinafika thukuta lili kamukamu. Abwana ali pakhonde, akusankha mabatani m'chitini ndi zala. Foni? Akuti ili kwa Mayi a Mapasa, oyandikana nafe, ku chaji. Magetsi kwathu alipo! Akuti soketi yathu imachedwa. Ndinathamangira kwa Mayi a Mapasa. Loko pakhomo. Loko wake ndinawagulitsa ndine, wabwino kwambiri, sathyoka.

Bambo uja anaimbanso katatu. Kachitatu mawu ofatsa aja anali atatha. Anandinena kuti nkhalamba yozengereza, n'kudula. Ogwira ntchito ku banki masiku ano alibe mwambo.

Ndinawakalipira Abwana. Ndinati foni ndi yokhala nayo pafupi, si yomwaza m'makomo mwa anthu. Anafunsa kuti kodi pali chofunika chanji pa foni yawo Loweruka masana. Ndinati palibe. Anati ndiye bwanji mukutuluka thukuta.

Akazi awa andiphonyetsa ndalama, ndipo sindingawauze n'komwe kuti andiphonyetsa.

Lolemba, 10 Juni

Ndinapita ku banki kukapepesa kuti ndinachedwa ndi manambala aja, atumizenso.

Mtsikana uja anagwira kumutu. Akuti banki siimbira munthu kumufunsa manambala, kaya achinsinsi, kaya obwera pa foni. Olo wina atalumbira kuti ndi mkulu wa banki yonse. Anali akuba omwe aja. Nambala yanga anaitenga pa chikwangwani changa, ndinailemba ndekha m'munsi mwa ulaliki uja. Amafuna kulumikiza akaunti yathu ku foni yawo. Ndikanangowerenga, akanasesa ndi diso lamanja lomwe.

Kuberedwa kawiri sabata imodzi ndi munthu mmodzi, ndipo kachiwiriko ndinachita kumupalasira njinga!

Anandipatsa kapepala ka malangizo. Khadi lisachoke m'manja mwanu. Likabwerera, werengani dzina. Nambala yachinsinsi musauze munthu. Mukakayika, dulani foni, imbani nokha ku banki. Ndinati zonsezi ndimazidziwa, mwanawe, ndimaphunzitsa anthu. Anati, "Eya, bambo." Eya wake ameneyo ndikumumvabe mpaka pano.

Soketi yochedwa ija yatipulumutsa. Mwayi wa chitsiru.

Lachitatu, 12 Juni

Njinga ndagulitsa. Chikope chabwerera, diso lamanja lakwana lonse. Lamanzere palibe. Makina anga akale odulira makiyi ndinaonetsa kwa anthu awiri, onse akutchula mtengo wa zitsulo zakutha.

Kunyumba ndati njinga ili kokonzetsa. Mabodza anga tsopano ndi mpukutu wa makiyi, ndikamayenda akumalira m'thumba. A ku banki aulemu. Mano. Njinga. Dzulo kunabwera uthenga wonena za madandaulo athu, kuti akufufuzabe. Ndinawerenga kuti akutifunira sabata yabwino. Abwana anati banki imeneyi yatikonda mwezi uno.

Chimene chikundiwawa si ndalama ayi. Mayi ameneyu amandipatsa foni m'manja, n'kupendeketsa mutu kumvetsera, ngati mwana. Kalata, mankhwala, mtengo wa sopo pa shelefu, zonse amamva kwa ine. Ndikati choyera, n'choyera. Ndipo ine ndikuwawerengera zopeka.

Masana ndinayeserera pa Wansapato. Iye Abwana, ine ine. Ndinangoti mayi, pali nkhani, iye n'kundigenda ndi chidendene cha nsapato. Akuti akuyesetsa kuti zifanane ndi zenizeni.

Madzulo ndinakhala pafupi nawo. Ndinakonza kukhosi. Ndinati mayi. Anati ee, bambo. Anasiya zomwe amachita, manja pamiyendo, kudikira. Ndinati kunjaku kukuoneka ngati kuzizira mawa.

Anapuma mpweya wautali. Anati muvale juzi.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Masiku atsala asanu.

Lachisanu, 14 Juni

Anandiitana ku banki. Osati pa kauntala, m'kati, ku ofesi ya galasi, kwa bambo wamkulu wa dazi. Mpando wofewa. Ndinadziwiratu kuti mpando wofewa si wa nkhani yabwino.

Sabweza. Khadi linali lenileni, nambala yachinsinsi yolondola, ndipo pa fomu ndinalemba ndekha kuti ndinaitchula mokweza. Kawiri. Chilungamo changa chinatulukira pa fomu, kumene sichimafunika. Polisi ikadzawagwira, mwina. Mwina wake wa ulemu chabe.

Ndinati komabe ndithokoze makompyuta anu potseka khadi msanga. Anati makompyuta ati? Anatembenuza sikirini kuti ndione ndekha.

Lachiwiri, 4 Juni, 10:52 m'mawa. Khadi latsekedwa. Wopempha: mwini akaunti wachiwiri, pa foni. Mayankho onse olondola.

Loweruka, 8 Juni, 10:20 m'mawa. Mwini akaunti wachiwiri waimba, akuti kwabwera manambala amene sanapemphe, banki isalole chilichonse.

Anati, "Mwayi wanu ndi mayiwa, bambo. Ambiri amatiimbira mawa lake, mutatsala mphepo."

10:52. Nthawi imeneyo ine ndinali pa benchi, ndikuuza Wansapato za ulemu wa Watayi.

Ndakhala pa khonde la banki kuyambira masana. Mlonda wandiyang'ana kokwanira. Ndikukumbuka tsopano: mauthenga aja Lachiwiri anali otsegula kale. Ndinaona, osaona. Masiku khumi ndikuwerengera zopeka munthu wodziwa zonse. "Kasanu ndi kamodzi konse?" Mayo ine. Soketi yochedwa!

Kwathu ndi wapansi, njinga kulibe. Bola, njira italike.

Loweruka, 15 Juni

Dzulo nditafika sindinavule nsapato. Anandipatsa foni monga mwa masiku onse, akuti pabwera uthenga. Unali wa ku banki, wotseka madandaulo. Ndinawerenga monga unalembedwera, liwu ndi liwu, mpaka pa mpumiro. Kenako ndinanena zonse. Watayi, pakona, pakamwa panga, njinga.

Anati, "Lero mwawerenga bwino."

Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa, akanandigenda ngati Wansapato. Anangofotokoza. Uthenga wa ku banki umabwera umodzi, ine ndikaika kapena kutapa. Lachiwiri foni inalira kachiwiri, kachitatu, kachinayi, ine ndili ku ntchito. Anafufuza khoma mpaka kwa Mayi a Mapasa kuti awawerengere. Ali pomwepo unalowa wachisanu. Nambala yoimbira ku banki ija inangotuluka yokha pakamwa, akuti ndi mawu anga omwe, ndi kakukweza kanga komwe. Loweruka manambala atabwera, Mayi a Mapasa anawawerengera asanachoke pakhomo, ndipo anadziwa kuti wina akugogoda pa khomo lina. Foni anaikhalira. Inali pansi pawo pampando nthawi yonse ndimathamanga ija.

Ndinafunsa chifukwa chake sananene, kundisiya ndikuvina ndekha masiku khumi.

Anati ndalama anazilira Lachiwiri lomwelo, kwa Mayi a Mapasa, zinatha. Anati wakuba ndi wakuba, ntchito yake ndi imeneyo, sanalumbire kwa iwo chilichonse. Kenako anati, "Maso anga ndinu, bambo. Ndimadikira ndione ngati nawonso achita ng'ala."

Ndalira. Ndilembe, palibe adzawerenge. Mwamuna wa zaka makumi asanu ndi limodzi, kulira mamina ali chuchuchu, nsapato kumapazi. Anandipatsa kansalu kopukutira makina. Kamafuta. Nkhope yonse bii, ndipo panalibe wondiuza mpaka m'mawa.

Lolemba, 17 Juni

Talipira diso lamanja. Lamanzere adokotala akuti lingadikire, silithawa. Zaka zina ziwiri, mwina.

Khadi latsopano latuluka. Likukhala kwa Abwana, m'kathumba kamene asoka okha mofufuza, mizere yokhotakhota. Nambala yachinsinsi asankha okha. Pa makina ine ndimaima pambali, kuyang'ana kumsewu ngati mlonda, iwo n'kumadina ndi chala, akuti batani lapakati lili ndi kachiphuphu, poyambira m'pamenepo. Chaka chonse ndinawalanda khadi, osadziwa kuti pali kachiphuphu.

Ndinapempha kuti andiuzeko nambalayo, mwina pangagwe zadzidzidzi. Akuti adzandiuza tsiku limene ndidzadule kiyi chamumtima.

Ndayesa lero pa benchi. Makiyi atatu ndaononga. Wansapato waseka mpaka kutsokomola, ulendo uno kwenikweni.

Chikwangwani sindichotsa. Ndangoonjezera m'munsi: NDI KHADI LOMWE. FUNSANI INE.

Lachisanu, 21 Juni

Dzulo opaleshoni. Lero m'mawa amasula bandeji.

Ndinali nditaima kutsogolo kwawo, malaya ochapa, ndevu zometa. Anaphethira, misozi ikutsika. Anayang'ana zenera. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Kenaka ine. Anati, "Ii, mwakalamba chonchi liti?" Namwino anatuluka msanga, mapewa akugwedezeka.

Adokotala aletsa singano mpaka masabata angapo. Ulusi udikira. Ndiye choyamba kuchiona chinakhala nkhope yanga ndithu. Ndapambana, koma mwa njira yodula.

Lamanzere likadali loyera, mtambo uli pomwepo. Munthu akalankhula mbali imeneyo amatembenuza mutu wonse. Nthawi iliyonse akatero ndimamuona Watayi akuwerama, manja awiri.

Potuluka pa geti la chipatala ndinawagwira mkono wamanja, monga ndazolowera zaka zinayi. Anandichotsa. Anandizungulitsa kumbuyo kwawo n'kundiimika mbali inayo. Anati, "Kuno ndadzionera ndekha. Inu muziyenda kumanzere. Kumeneko ndi kwanu." Njira yonse ndinkatchula zimene zili kumanzere. Ngalande. Njinga ikubwera. Mwala. Zoona zokhazokha.

Tsopano ali pakhonde, avala magalasi akuda a kuchipatala. Foni awerenga okha, mauthenga onse kuyambira pa 4, mokweza, pang'onopang'ono, kuti ndimve. Akamaliza umodzi akumati zikomo posunga ndalama kwa ife.

Akundiitana. Akuti zilembo za pa foni n'zazing'ono, zikuwatopetsa. Ndibweretse buku lija ndimalembamo ndikamayesa kuti sakundimva, ayesere diso pa zilembo zanga.

Muli Abwana tsamba lililonse. Muli akazi awa andiphonyetsa ndalama. Muli mamina. Tsamba la pa 8 lingathe kung'ambika bwinobwino, palibe angadziwe, chala chili kale pa ngodya.

Ayi. Ndikupita nalo lonse.